Nsalu ya Pansi pa Mbendera

Zaka zimene ndayenda sindizidziwa, ndipo mayina a malo musandifunse. Matauni onse amene ndinakhalamo anali ndi msewu wa fumbi, chigayo, ndi mtengo wachitsulo wopakidwa laimu kutsinde. Chimene sindinaiwale ndi chimene ndinanyamukira. Ndinkafuna mbendera imene anamuvula mwana wanga.

Fanuwelo anali msilikali. Anafera kudziko lakutali, pa nkhondo ya eni ake, ndipo anabwera naye m'bokosi lokhomereratu, n'kutiuza kuti tisatsegule. Kwathu munthu sapita m'manda wopanda nsalu ya kwawo. Thupi likakhala losaoneka, timayala nsaluyo pabokosi kuti atsike nayo. Yanga ndinali nditaitulutsa kale pansi pa sutikesi, chitenje chakale cha mawanga a nkhanga chimene ndinamuberekera ali khanda. Mwanayo anali wamphepo chibadwire. Ngakhale m'nyengo yotentha, anzake akuvula malaya, iye ankadzipinda ngati bongololo n'kumakoka chofunda changa.

Koma bokosi linafika litafunda kale. Mbendera ya dziko, yatsopano, yowala, inaliphimba kuyambira kumutu mpaka kumiyendo. Nditayandikira ndi chitenje changa, mkulu wa asilikali anatambasula dzanja mwaulemu.

"Pepani mayi, pamwamba pa mbendera sipaikidwa kanthu."

Ndinabwerera pamphasa, ndipo ndinanyada. Mumtima ndinati, taonani mwana wa mmphawi akupita atafunda dziko lonse, nanga chitenje chakuthachi n'chachiyaninso. Ndinachisiya m'nyumba ya siwa. Kumanda anaomba mfuti m'mwamba, lipenga linalira, ndipo adzukulu atagwira zingwe kuti atsitse, asilikali anawaimika. Anachotsa mbendera ija, anaipinda mosamala ngati akuopa kuidzutsa, n'kupita nayo kugalimoto. Bokosi linatsika mbulanda, matabwa okhaokha. Ndisanapeze mawu m'kamwa, dothi linali litayamba kugwa.

Kuyambira pamenepo Fanuwelo anayamba kubwera. Sankadikira kuti ndigone. Ankandipeza pamjigo kapena kumunda, dzuwa lili phwee, n'kuima poteropo atadzikumbatira, mano akugundana. Ndinadziwa chimene ankafuna. Chimene munthu wavulidwa pamaso pa anthu ndicho amabwezeredwa. Ndinati ndikaipeza mbenderayo ndidzakumba kumutu kwa mtumbira wake n'kuikwirira pamenepo. Chitenje cha nkhanga ndinachimanga m'chiuno, mkati mwa zovala, kuti ndidzakulungiremo mbenderayo zipitire limodzi. Ndinatseka chitseko n'kutsata matayala a galimoto ija mpaka pamene mvula inawafafaniza.

Tauni yoyamba inali ya boma laling'ono. Kutsogolo kwa maofesi ndinaona mbendera pamtengo, ndipo ndinakhala pansi pake tsiku lonse ngati wodikira basi. Madzulo kunatuluka mesenjala, a Gwedeza, bambo wowonda wa kabudula wa kaki amene anachitira imvi pa ntchito yokoka chingwe. Anandifunsa chimene ndinkafuna. Nditawafotokozera anapukusa mutu, anati yawoyo sinaonepo maliro, ya maliro imakhala kwina, koma kwinako sankakudziwa. Poona kuti sindikuchoka anandipatsa tsache kuti ndizisesa pansi pa mtengowo ndi kupaka laimu miyala yozungulira.

Kwa iwo ndinaphunzira kuti mbendera ili ndi mwambo woposa wa mkamwini kwa apongozi. Imakwera dzuwa likamatuluka, mofulumira, ndipo imatsika dzuwa lisanalowe, pang'onopang'ono. Sigona panja. Ikamatsika wina amailandira m'manja isanakhudze dothi, ndipo wolandirayo ndinakhala ine. A Gwedeza akaimba wezulo aliyense wodutsa ankaima chilili. Wa njinga ankatsika, wa chipewa ankavula, mayi wa ndowa pamutu ankangoima madzi akumuchuchira m'khosi. Ndinkailandira nsaluyo pachifuwa ili yofunda ndi dzuwa la tsiku lonse, ndipo kufunda kumeneko kunkandipweteka.

Ankakonda kusimba kuti bambo awo anakokanso chingwe pamtengo womwewo, masiku a mbendera ya azungu ya mitanda yopingasana, ndi ina yokhala ndi kambuku ataima pamwala. Pamene inatsika komaliza, akuti anthu anavina mpaka miyendo kutupa. Ndinafunsa chimene chinasintha, anati nsalu. Mtengo, chingwe ndi wokoka anakhala omwewo. Anandiphunzitsanso mitundu. Wakuda ndife anthu, wobiriwira ndi nthaka ndi zomera zake, dzuwa lotuluka ndi chiyembekezo, ndipo wofiira ndi magazi a amene anafera dziko.

"Nanga magazi a mwana wanga alimo mmenemo?" ndinafunsa.

A Gwedeza anakanda kumutu. "Amenewo ndi a akale aja, mayi. Mzerewo unadzaza kalekale."

Tsiku lina kunamveka kuti munthu wamkulu wamwalira kulikulu. A Gwedeza anakweza mbendera mpaka kunsonga, kenako anaibweza kuti iime pakati pa mtengo, ndipo inkaima pamenepo masiku ambiri, ikulira munthu amene sanapondepo m'tauni imeneyo. Ndinafunsa ngati inatsikapo chotero tsiku la Fanuwelo. Anandiyankha mosabisa kuti ikanati izitsikira asilikali wamba, bwenzi kunsongako isakukudziwa. Sananene mwachipongwe, ndipo n'chifukwa chake zinandiwawa kwambiri. Ndinatsamiritsa tsache pakhoma n'kumapita.

Tauni yachiwiri inali ndi msewu womwewo, koma wotakasukirapo. Pakhonde la sitolo ndinapeza telala, a Kathumba, akusoka mbendera, mulu wa nsalu zakuda, zofiira ndi zobiriwira uli pambali pawo. Anali munthu wolongolola amene ankatha kuseka singano zili pakamwa. Nawonso anandifunsa chimene ndinkafuna, nawonso anati ya maliro imakhala kwina. Koma ankasowa manja, choncho ndinakhala. Ndinaphunzira kudula mizere yofanana, kuilumikiza osakhota, ndi kusoka cheza cha dzuwa chilichonse pamalo pake. Kuipachika chozondoka, iwo ankati, n'kutukwana dziko m'maso muli gwa.

Ntchito inkachuluka mtsogoleri akamadutsa. Tinkasoka timbendera ting'onoting'ono n'kutimangirira ku timitengo, ndipo ana a sukulu ndi amayi ankandanda m'mbali mwa msewu kuyambira m'mawa, opanda chogwira m'mimba, akutikupiza. Dzuwa litapendeka magalimoto ankadutsa liwiro la mtondo wadooka, mawindo ali akuda, kambendera kakupepeza pamphuno pa galimoto yapakati. Kuphethira kamodzi, zatha. Anthu akamwazikana timbendera tija tinkatsala pansi, m'matope, m'ngalande, tina mbuzi zikutafuna. Ine wophunzira wa a Gwedeza ndinayamba kutola kamodzikamodzi mpaka msana kuwawa. A Kathumba anandiseka, anati zimenezo n'za tsiku limodzi, mwambo ndi wa zapamtengo. Ndinapsa mtima mpaka kulephera kudya. Nsalu imene inakana kugona m'dothi ndi mwana wanga inali kugona m'ngalande ndi makoko a nthochi, popanda woimba wezulo.

Ndili komweko kunabwera mawu akuti dzuwa la theka silikutiyeneranso, kunacha kale, tatukuka. Tisoke dzuwa lathunthu, loyera, pakati penipeni, ndipo mizere isinthane malo. Tinasoka mpaka zala kuchita matuza. Ndinkati ndikatopa ndituluke ndikaone kutukukako, koma ndinkapeza amayi omwe aja pamzere womwe uja wa pamjigo. Mvula zingapo zitadutsa kunabweranso mawu akuti ayi, dzuwa libwerere kumene linali. Tinasokanso. A Kathumba ankati dzuwa lotuluka n'kubwerera ndilo bwenzi lenileni la telala.

Iwo anali ndi chifundo chawochawo. Tsiku lina anandiponyera nsalu zitatu pamiyendo.

"Mayi, dzisokereni yanu mukakwirire, mupume. Mbendera zonse ndi imodzi."

"Zikanakhala imodzi akanandisiyira ija," ndinatero.

Komabe ndinasoka. Nditamaliza ndinaitambasula, ndipo Fanuwelo anali ataima pafupi ndi mzati wa khonde. Anaiyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira malaya a mnzake pachingwe. Dzanja sanatambasule. Ndinaiika pamulu wa zinzake, ndipo m'mawa mwake ndinali panjira.

Pambuyo pake malo amasakanikirana m'mutu mwanga. Ndinatsukapo mbale m'malire a dziko, pamene mbendera ziwiri zinkayang'anana pamitengo yotalika mofanana, chifukwa wina ukaposa unzake ngakhale pang'ono pamakhala mlandu, ndipo pansi pake anthu a chilankhulo chimodzi ankagulitsana tomato. Ndinasesapo pasukulu ina pamene ana ankaimbira mbendera yosuluka, yakuda itatuwa, kumapeto kwake kutanyenyeka ngati tsache. Ndinadutsapo pabwalo la mpira ndipo ndinaona anyamata ataifunda kumsana ngati bulangete, ena akupukutira thukuta. Aliyense anali ndi ufulu woifunda, kupatula wakufa. Kulikonse ankandifunsa chimene ndinkafuna, kulikonse ankaloza kutsogolo, ndipo mapazi anga anachita ming'alu yolowa njere ya chimanga.

Pomaliza ndinafika m'tauni ya asilikali, ya mipanda italiitali. Kuseri kwa nyumba zawo kunali malo ochapira, ndipo mkulu wa ochapa anali a Zuze, bambo wachete amene manja awo anatumbuluka ndi sopo. Iwo sanandifunse kanthu. Anangoyang'ana mikono yanga n'kundilozera beseni. Masiku angapo atapita anatsegula kabati ina imene inkakhala payokha. Munali mbendera za maliro, zopindidwa, zosanjikizana.

Zinkapita ndi galimoto n'kubwerako zikununkha utsi wa m'midzi ndi fumbi la kumanda. Tinkazichapa pazokha, osaphatikiza ndi mathalauza. Sizimenyedwa pamwala, sizifinyidwa mopotokola, ndipo poyanika anthu awiri amagwira uku ndi uku kuti ngodya isakhudze pansi. Ndinaphunzira kuzisita ndi simbi ya makala popanda kugwetsapo phulusa, ndi kuzipinda mmene anapindira ya Fanuwelo ija, dzuwa likhale pamwamba. Iliyonse ndisanaiviike ndinkaiika kumphuno. Sindikudziwa kuti ndinkayembekeza fungo lanji la mwana amene pa maliro ake sindinamuone nkhope, koma ndinkakhulupirira kuti yake ndidzaizindikira.

A Zuze ankaona zonsezo. Tsiku lina, tikuyanika, anandifunsa kuti wangayo anapita liti. Ndinati dzuwa lisanakhale lathunthu. Titamaliza anandiuza kuti ndiwatsate. Tinakafika kuseri kwa mpanda, pansi pa mtengo wa mango, pamalo osesedwa bwino ozunguliridwa ndi miyala yopaka laimu.

Anandifotokozera mofatsa. Mbendera ikatha ntchito sitayidwa kudzala, sing'ambidwa kuti ikhale chokolopera. Imawotchedwa mwaulemu. Pamene dzuwa linasintha, zakale zonse anazisonkhanitsa, za maliro zomwe, ndipo dzuwa lakalelo litabwerera anachita kusoketsa zina. Tsiku lowotcha asilikali anandanda, lipenga linalira, mkulu wawo anachita sawasha, dzanja lili pachipumi, mpaka moto unazima.

"Nanga phulusa?" ndinafunsa.

"Tinalikulunga m'nsalu yoyera, yatsopano, n'kulikwirira pomwe mwaimapo."

"Munalifunditsa."

"Ee, mayi. Silikanapita m'dothi lili lokha."

Ndinaseka. Ndinaseka mpaka kukhala pansi, ndipo a Zuze anayang'ana kumbali. Ndinaganiza zokumba ndi zala, koma phulusa la mbendera ya Fanuwelo ndikanalisiyanitsa bwanji ndi la ana a anthu ena onse, ndi la mbendera za pamaofesi zimene sizinaonepo maliro? Ndinadana nayo nsalu imeneyo tsiku limenelo, ndipo ndimadana nayobe. Inalandira lipenga, inalandira manda osesedwa, inalandira chofunda. Ndinabweza simbi, ndinatsanzika, n'kuyang'ana njira ya kwathu, chitenje cha nkhanga chikadali m'chiuno mopanda chokulunga.

Njira yobwerera inali yaitali kuposa yopita. Tsiku lina, chisanu chitagwira, ndinapeza masamba atayalidwa pamsewu, chizindikiro cha maliro, ndipo chapatali panaima galimoto yaikulu ya asilikali. Mudziwo sunali wathu, koma nyumba zake, nkhokwe zake ndi agalu ake zinali ngati zathu. Munthu sapitirira maliro, choncho ndinapatuka n'kukalowa m'nyumba ya siwa, m'mene munali amayi.

Bokosi linali pakati, lokhomereratu, litafunda mbendera yatsopano. Mwina ndinaisita ndine. Kumutu kwake kunakhala mayi wa malemu, amene anzake ankamutchula kuti Nagama, wamng'ono kwa ine, maso atatupa. Ankasisita mzere wofiira ndi nsonga za zala, ndipo pakati pa misozi nkhope yake inali ndi kanthu kamene ndinakazindikira msanga. Ankanyada. Ndinasendera pafupi n'kumunong'oneza kuti nsalu ya mwana ili kuti. Anati asilikali anawatumizira mawu kuti asavutike ndi chilichonse, boma libweretsa zonse, ndipo taonani labweretsadi. Ndinamuuza kuti imeneyo aichotsa kumanda. Anandiyang'ana ngati wamisala, ndipo amayi ena anayamba kung'ung'udza kuti mlendoyu ndi wa kuti. Kunja amuna anali ataimirira kale, nyimbo yonyamulira itayamba.

Mkulu wa asilikali analowa ndi anyamata ake. Sanali yemwe uja, uyu anali mwana, koma nsapato ndi ulemu zinali zomwezo. Ndinamasula chitenje m'chiuno, ndipo iye atachiona anatambasula dzanja.

"Pepani agogo, pamwamba pa mbendera sipaikidwa kanthu."

Mawuwo ndinali nditayenda nawo zaka zonsezo, ndikuwatembenuza uku ndi uku, koma tsiku limenelo ndi pamene funso linatuluka lokha.

"Nanga pansi pake, bwana?"

Anayang'ana bokosi, anayang'ana wotchi yake. "Pansi palibe lamulo. Yalani, bola isaonekere m'mbali."

"Zinayamba liti zimenezi?"

"N'zakalekale, agogo. Kungoti anthu safunsa."

Anyamata ake ananyamula mbendera m'ngodya zonse, anaigwira m'malere kuti isakhudze pansi, ndipo ine ndinayala chitenje pamatabwa. Chinali chitapyapyala, nkhanga zitasuluka, pakati pali potuwa pamene pankakhala msana wa mwana. Ndinachisalaza ndi chikhatho, ndinapinda m'mbali kuti chisaonekere, iwo n'kubwezera mbendera pamwamba. Nditadzutsa mutu ndinaona Fanuwelo pakhomo, atadzikumbatira, akuyang'ana chitenje chake chikubisika. Sanandiletse. Sanandivomerezenso.

Kumanda zonse zinayenda monga ndinkazidziwira. Mfuti, lipenga, adzukulu ndi zingwe. Asilikali atagwira mbendera kuti aichotse, Nagama anakuwa n'kufuna kudzuka, anzake anamugwira. Kenako anaona nkhanga zija zitandanda pabokosi, ndipo kukuwako kunasanduka kulira wamba, kwa mayi amene mwana wake akupita atafunda. Bokosi linatsika nacho chitenje. Ndinamva dothi loyamba likugwa, ndipo silinamveke ngati la pamatabwa. Linagwa mofewa.

Anthu akubalalika, Nagama anandipeza pamphambano ya kumanda. Anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, anati sakudziwa kuti ndachokera kuti. Kenako anafunsa kuti nsaluyo inali ya yani.

"Ya mwana wanga. Nayenso anabwera chonchi."

"Nanga wanuyo anafunda chiyani?"

Galimoto ya asilikali inatidutsa pomwepo, ndipo pampando wakutsogolo mnyamata wina anali atafungatira mbendera pamiyendo, yopindidwa bwino, dzuwa lili pamwamba, ikubwerera kwa a Zuze kukasambitsidwa. Fumbi litatsika ndinachotsa dzanja langa m'manja mwa mayiyo n'kulowa mumsewu.

Kwathu sindinafike. Ndikafikako ndi chiyani? Ndimangoyenda, tauni ndi tauni, ndipo ndikamva wezulo sindiimanso, ayang'ane amene akufuna kuyang'ana. Fanuwelo amanditsata pambuyo, ndikaima nayenso amaima, ndipo kukazizira ndimamva mano ake. Masiku ano akuoneka wamng'ono kuposa kale, ngati akubwerera ku ukhanda. Nthawi zina ndimawerama pakati pa msewu kuti akwere kumsana ndimubereke, ndipo ndimapapasa m'chiuno kufuna chomangira.